Bokosi Limene Fomu Ilibe

Anditumizira fomu kuchokera kulikulu,
masamba asanu ndi limodzi, mabokosi oyera ngati mano a mwana.
Funso lili pamwamba, m'zilembo zonenepa:
kodi ndondomeko yatsopano yafikira onse mofanana?
Chongani eya kapena ayi.
Ibwerere pofika Lachisanu.

Desiki yanga ili kuseri kwa chipatala chachikulu,
kumene nkhungu ya m'phiri imagona pamalata mpaka dzuwa litakwera
ndipo mapepala amanyowa osavumbwa.
Ndine kalaliki wa ziwerengero.
Ntchito yanga ndi kuphatikiza anthu
kenako n'kuwagawa.

Ndaphatikiza a ku Mulunguzi, amene galimoto imawadikira pakhonde,
ndi a pachilumba cha Chisi, amene amadikira mphepo ileke.
Ndagawa pawiri.
Yankho latuluka losamba, lodzola:
munthu wa ku Zomba amafika kuchipatala m'mphindi makumi anayi.
Munthu ameneyu sindinakumane nayepo.
Sakhala ku Chingale, sakhala ku Kalimbuka,
sanakanganepo ndi wakabaza za mtengo,
koma ndiye amene amapita kumisonkhano
atavala dzina la tonsefe.

Ndondomeko ikuti mankhwala ndi aulere. Sikunama.
Abiti Likagwa anawalandira osatulutsa tambala,
atagulitsa nkhuku ziwiri kuti afike pawindo,
yachitatu kuti abwerere kwawo.
Mwezi wotsatira khola linali zii,
ndipo m'kaundula, pambali pa dzina lawo, dzanja laukhondo linalemba:
wosiya mankhwala.
Ngati kuti munthu amadzuka m'mawa
n'kutopa nako kupuma.

Ndondomeko ikuti mayi aliyense achilire kuchipatala.
Chindapusa chake chinayenda msanga, chinafika m'midzi yonse chaka chomwecho.
Mlatho uli m'mbuyo, akuti ukubwera.
Esinala Namakhwa anachilira kutsidya kwa madzi odzaza,
pansi pa mpoza, apongozi atagwira tochi ya foni,
nyali za chipatala zikuoneka uko.
Mwana ali moyo.
Mbuzi inapita.

Sindikuti palibe chasintha, ayi.
Firiji ya katemera ku Mayaka tsopano imadya dzuwa,
chikuku chinachepa, ndinawerenga ndekha.
Timabokosi tating'ono kwa akalipentala a ku Chinamwali
sitikutuluka ngati kale.
Koma chabwino chikatsika m'galimoto
chimayamba chapatsa moni a m'mbali mwa tala,
chikamakafika kumene fumbi limayambira
mawu amakhala atachithera.
Fodya wako ndi amene ali pamphuno;
uyu wa papepala, mphepo ya ku Chilwa imamudziwa.

Lachinayi madzulo ndinatenga rula.
Pansi pa eya, pansi pa ayi,
ndinajambula bokosi lachitatu, lopendekera pang'ono,
n'kulembamo ting'onoting'ono:
nkhuku zitatu,
mbuzi imodzi,
masiteji khumi ndi anayi amene Che Mbwana amakwawa chifukwa njinga yawo ya olumala siwuluka,
namwino mmodzi pa anthu odzaza bwalo la mpira,
mtsikana wosamva amene anabwerera ndi mankhwala a malungo
atapita ndi mimba.
Bokosi linadzaza. Ndinatulukira m'mphepete,
ndinakwera cham'mbali mwa tsamba ngati nyerere.

A Chipwaila, bwana wanga, anayang'ana nthawi yaitali,
magalasi ali pamphumi.
Anati, achimwene, kompyuta siwerenga za m'mphepete.
Ndinati ndikudziwa.
Anati ndiye muchonge pati?
Panja ambulansi inali kulira kufuna mafuta,
amayi a ku Jali akuyanika zitenje pawaya.

Anadinda chidindo chawo pomwepo, pabokosi langa lopendekera,
inki n'kuphimba mwendo wa mbuzi.
Fomu inanyamuka Lachisanu pa basi ya m'mawa.
Yokha mwa ife tonse
inalipiriridwa ulendo.